A Samsoni Aletsa Ukwati

Kusukulu, Kasungu Boma
29 Epulo 2024

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lilongweko pamodzi ndi makina anu osokera. Ine kuno ndili bwino, kupatula nyemba za pasukulu pano zimene anankafumbwe ake akuchuluka kuposa nyembazo. Kalatayi ndapatsira a Aloysius a minibasi, poti mukudziwa kale kuti pano kupezeka ndi foni ndi mlandu.

Azakhali, ndili ndi nkhani, ndipo ndayambira kwa inu chifukwa Ababa mumawadziwa nokha. Ndalemba sewero. Ndalemba ndekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo a Madamu Sunganani, amene amayang'anira kalabu yathu ya zisudzo, asankha limeneli kuti ndilo tipite nalo ku mpikisano wa masukulu a m'boma muno pa 18 Meyi. Mpikisanowo uchitikira mu holo yathu yomwe ino.

Ndi nkhani ya mtsikana wa sukulu, mwana wa tenanti pa esiteti, amene bambo ake akufuna kumukwatitsa kwa kapitawo chifukwa fodya sanayende bwino. Pamapeto pake mphunzitsi wake ndiye amabwera kudzaletsa ukwatiwo m'tchalitchi. Mkwatibwi ndine. Mkwati ndi mnzathu wina dzina lake Alick, mnyamata wamanyazi amene akafika pa mawu achikondi amayang'ana kudenga ngati akuwerenga malata.

Ndiye ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, mundisokere diresi la ukwati, ngakhale la nsalu zotsala. Miyeso ndi yomwe ija ya pa Khirisimasi, koma m'chiuno muchotseko pang'ono, nyemba zija zandigwira ntchito. Chachiwiri ndicho chovuta. Muwafotokozere Ababa. Chaka chatha nditangotchula za kalabu anandiyankha kuti, "Fodya wanga sindilimira zisudzo." Inu mukawauza amamva. Muwaimbire foni, muwauze kuti a Madamu amatilola kuyeserera pokhapokha tikamaliza kuwerenga.

Masiku ano ku hositelo nkhani ndi imodzi basi, ya zimene tidzachite tikachoka pano. Princess, amene amagona bedi la pamwamba panga, akuti adzakhala woyendetsa ndege, chonsecho akakwera minibasi amayamba kusanza tisanafike n'komwe pa Chinkhoma. M'sewero ndiye m'busa, chifukwa anyamata atichepera ndipo iye ali ndi mawu aakulu. Success wa kalabu ya mtsutso akuti adzakhala loya, ndipo wayamba kale kuphunzirira pa ophika athu. Iyeyo akusewera ngati bambo anga. Ena akuti usilikali, ena akuti Joni, wina akuti iye bola adzangogona mwezi wathunthu popanda belu.

Ine ndikudziwa kuti inu mumafuna ndidzakhale namwino, ndipo Ababa amafuna ndidzakhale mlangizi wa zaulimi woyenda pa njinga yamoto. Koma Azakhali, tsiku limene anzanga anayamba kuyankhula mokweza mawu amene ndinalemba ndekha kumapeto kwa kope la Bayoloje, ndinadziwa chimene mtima wanga ukufuna. Ndikufuna kudzalemba masewero a pa wailesi. Izi zokha musawauze kaye Ababa. Tiyambe ndi chimodzi.

Ine mwana wanu,
Enelesi

Kusukulu, Kasungu Boma
6 Meyi 2024

Okondedwa Ababa,

Ndikupatsani moni pamodzi ndi Amayi ndi onse kumudziko. Ndikhulupirira ntchito yosankha fodya ikuyenda bwino. Ndikulemba mothamanga chifukwa amene ndikuwapatsira kalatayi akunyamuka pompano.

Ndikudziwa kuti pofika lero Azakhali anakufotokozerani kale za nkhani ija. Ndinaopa kukuuzani ndekha. Poti simunanditumizire mawu okalipa, ndikuona ngati mwavomera, ndipo ndikuthokoza kwambiri.

Tsiku lake ndi Loweruka pa 18 mwezi uno, mu holo ya pasukulu pano, 2 koloko masana. Ine ndi Alick takonzeka. Timakumana tsiku lililonse tikaweruka, ndipo manyazi aja anali nawo poyamba ayamba kutha. A Madamu Sunganani ndiwo akutitsogolera pa zonse, ndipo akuti awirife tikuyenerana bwino. Diresi la ukwati akusoka ndi Azakhali.

Chatsala ndi jekete. Alick alibe, ndipo kwawo n'kutali. Chonde mumubwereke yanu yakuda ija ya ku tchalitchi, adzangopinda manja. Mutitumizirenso ndindi zingapo za fodya, ngakhale wosaoneka bwino, kuti anthu akangolowa adziwe kuti mkwatibwi ndi mwana wa mlimi.

Za mayeso musade nkhawa. Izi zikangodutsa ndibwerera ku mabuku ndi mtima wonse. Mukanakhala ndi mpata mukanabwera kudzaonerera, koma ndikudziwa kuti ino ndi nthawi ya mabelo.

Ine mwana wanu,
Enelesi

Santhe
9 Meyi 2024

Achemwali Angelina,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Kuno m'thupi tili bwino, koma mumtima ayi. Kalatayi ndapatsira mayi Patuma a kaunjika amene akubwera kumeneko kudzapikula. Yankho mupatsire omwewo. Foni yanga chiyambire tsiku limene tinadinda mabelo oyamba sinaoneke, ndipo tikukayikira kuti tinaidindira m'belo momwemo. Musandiimbire pa foni ya aneba. Nkhani iyi ikangolowa m'khutu la kumeneko, pofika madzulo ili pa msika.

Ndaikamo kalata imene ndalandira kuchokera kwa Enelesi. Muwerenge nokha. Ine ndawerenga katatu, kenaka ndinabwereka magalasi a alamu anga a Sankhani, amalume ake a Enelesi, n'kuwerenganso, koma mawu sanasinthe.

Achemwali, ndinakulakwirani chiyani? Mwana akuti inu mukudziwa zonse, ndipo diresi mukusoka ndinu. Ine bambo wake ndikuuzidwa ngati munthu wodutsa m'njira, kuti ndikakhala ndi mpata ndidzaonerere. Kuonerera! Ukwati wa mwana wanga woyamba!

Ndili ndi mafunso, ndipo mundiyankhe limodzilimodzi. Alick ameneyu ndi mwana wa yani? Amapemphera kuti? Munthu amene alibe ngakhale jekete akamusunga bwanji mwana wa eni? Nanga ndi ukwati wanji wochitikira mu holo ya sukulu, aphunzitsi n'kukhala ankhoswe? Kodi boma likudziwa? Ndipo fodya akufuna wa chiyani? Ine ndakhala ndikupita ku maukwati zaka zonsezi, sindinaonepo akukongoletsa ndi ndindi.

Amake Enelesi sakudya. Dzulo posankha fodya anasakaniza masamba abwino ndi a pansi, ntchito ya tsiku lonse tinayambiranso. Akuti mwina mwana ali ndi pakati ndipo akuopa kunena. Ine ndawauza kuti asatchule zimenezo, koma nanenso ndikamayenda ndimapezeka ndikuwerenga miyezi pa zala.

Mukudziwa kuti ndine mkulu wa mpingo. Mwezi wathawu ndinaima kutsogolo n'kudzudzula makolo okwatitsa ana a sukulu nthawi ya okushoni. Lero ndikayang'ana bwanji anthu? Koma manyazi ndi nkhani yaing'ono. Chikundiwawa n'chakuti mwanayu watsala ndi miyezi iwiri yokha. Zaka zinayi ndakhala ndikulowa m'chigafa m'bandakucha ndi chifuwa changa chomwechi, ndikudziuza kuti ameneyu yekha adzafika kumene ife sitinafike.

Ndiyankheni msanga.

Ine mlongo wanu,
Esau Samsoni

Area 25, Lilongwe
12 Meyi 2024

Achimwene,

Moni wanu ndalandira, koma mlandu wokhawo ndaukana. Ine sindinalandire kalata iliyonse kuchokera kwa Enelesi, ndipo dzina la Alick ndalimva koyamba kwa inu. Chimene chili pa makina anga panopa ndi mayunifolomu makumi anayi a amayi a Chigwirizano, ofunika Lamulungu likubwerali. Ngati mwa amayi amenewa muli mkwatibwi, sanandiuze.

Mwandikhumudwitsa poganiza kuti ine ndingasokere mwana wa Folomu 4 diresi la ukwati. Ine amene ndinamugulira wotchi ya pachifuwa ya anamwino ali Sitandade 8? Ikadali m'sutikesi mwanga, ikudikira.

Kalata yakeyo ndawerenga. Pali china chake chimene sichikumveka. Enelesi si mwana wopusa, ndipo munthu amene walakwa salemba mosangalala chonchi. Koma ana a masiku ano ndi ozama, ndiye sindingakutsimikizireni kanthu. Ndayesa kuimba nambala ya kusukulu imene ndinali nayo, akuti sikupezeka. Ndikanakwera minibasi lero lomwe, koma amayi awa akhoza kundidya wamoyo.

Ndiye mverani. Mupite nokha, mutengane ndi a Sankhani poti ndiwo eni mbumba. Musatenge chikwanje, musatenge ndodo, ndipo mnyamatayo musamugwire pakhosi musanamve mbali yake. Ngati pali pakati, si mapeto a dziko. Mwana timulera ife, iye abwerere ku sukulu. Koma ukwati wokha usachitike.

Pali mawu amene sindinakuuzenipo. Mukukumbuka 1999? Ndinali Folomu 2, ndipo teremu imeneyo ndinakhala nambala wani. Fodya atabwezedwa ku okushoni, malemu Ababa anandipereka kwa mwini golosale uja. Tsiku la ukwati, abusa atafunsa ngati alipo woletsa, ine ndinatembenuka kuyang'ana inu. Munali mukuyang'ana nsapato zanu. Mmene banja lija linathera mukudziwa, ndipo mmene ndinavutikira kuti ndifike pa makina awa mukudziwanso.

Sindikunena izi kuti ndikupwetekeni. Munali mnyamata, ndipo malemu Ababa sanali munthu woyankhidwa. Ndinakukhululukirani kalekale. Ndikungonena kuti ulendo uno ndinu bambo, ndipo palibe woti mumuope.

Muwauze alamu adye. Kusala kudya sikunaletsepo ukwati.

Ine mlongo wanu,
Angelina

Santhe
14 Meyi 2024

Enelesi,

Moni. Kuno tili bwino.

Kalata yako ndinalandira. Loweruka ndibwera, ine ndi amalume ako a Sankhani. Tidzera ku okushoni pa Chinkhoma kukasiya mabelo. Jekete ndibwera nayo. Musayambe kanthu ife tisanafike, ndipo mnyamatayo asachoke.

Ine bambo wako,
E. Samsoni

Area 25, Lilongwe
17 Meyi 2024

Achimwene,

Imani! Musapite kusukulu kuja ndi ukali! Ndi sewero! Ukwati wake ndi wa m'sewero!

M'mawa uno kwabwera a Aloysius a minibasi, chipewa chili m'manja, akupepesa ngati aphwanya mbale ya apongozi. Akuti galimoto yawo inafera pa Mponela, yakhala ku galaja masabata awiri ndi theka, ndipo kalata ya Enelesi ya pa 29 Epulo inali kuseri kwa mpando nthawi yonseyi. Yafika yonunkha dizilo. Mwana analemba bwinobwino kuti walemba sewero la mpikisano, iye ndi mkwatibwi, Alick ndi mkwati, ndipo anandipempha kuti ndikufotokozereni. Ndaseka mpaka ndasokerera kolala ya mayi wina chadodolido.

Kenaka kuseka kunatha nditakumbukira zimene ndinakulemberani. Ndaphwanya lamulo lanu, ndaimba pa foni ya aneba. Musaope, ndangofunsa ngati mulipo. Akuti mwanyamuka kale pa lole ya mabelo, mwavala jekete yakuda, ndipo nkhope yanu ikuoneka ngati mukupita ku maliro.

Ndiye kalatayi ndikudziwa kuti ikupezani mutachita kale zimene mukachitezo. Ndikungolemba kuti mtima ukhale pansi. Ndikupemphera kuti mufike msanga, mukumane ndi aphunzitsi, akufotokozereni mwaulemu mu ofesi, mumwe tiyi, nkhani ithere pomwepo. Koma ndimakudziwani. Simunafikepo msanga pena paliponse.

Mwana wa eni ake uja, Alick, Mulungu amuteteze.

Diresi nalo lalephereka, nthawi yatha. Mundiuze zonse, osabisa kanthu.

Ine mlongo wanu,
Angelina

Kusukulu, Kasungu Boma
20 Meyi 2024

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili moyo, ngakhale Loweruka ndinatsala pang'ono kufa kawiri, koyamba ndi manyazi, kachiwiri ndi kuseka. Ababa andiuza kuti kalata yanga ija simunailandire. Ndiye siyani kaye makinawo mumve.

Kalata ya Ababa itafika yonena kuti akubwera, ndinavina m'hositelo. Ndinati Azakhali ndi akatswiri, awanyengerera mpaka akubwera ndi amalume omwe! Mawu aja akuti mnyamatayo asachoke, ine ndinkayesa akufuna kudzamuyesa jekete.

Diresi litapanda kufika, tinamasula katani ya kunyumba kwa a Madamu, ndipo chophimba kumutu tinadula ku neti ya udzudzu ya Princess. Masukulu anabwera asanu ndi imodzi, holo inadzaza mpaka ena anakhala m'mawindo. Ife tinali achinayi kulowa. Ndinasuzumira kangapo, Ababa osaoneka. Lole inawachedwetsa pa Chinkhoma, pomwe inagona pa mzere wa mabelo, koma ine sindinkadziwa. Alick anangobwereka jekete ya mlonda.

Sewero linayenda bwino mpaka pa ukwati. Ine ndaima ndi Alick. Success waima pambali ngati bambo anga, kumutu kuli mbuu ndi ufa. Princess wavala mkanjo wa kwaya ndi ndevu za thonje. Anakweza mawu ake aja: "Ngati alipo wina wodziwa chifukwa choletsa ukwati uwu, anene tsopano!"

Apa m'pamene amayenera kulowa mnzathu wosewera ngati mphunzitsi. Asanasunthe n'komwe phazi, kumbuyo kwa holo kunamveka mawu.

"Ndilipo!"

Azakhali, mawu amenewo ndingawazindikire ngakhale pakati pa msika. Ababa! Jekete yakuda, fumbi mpaka m'mawondo, chipewa m'manja, akubwera pakati pa mipando, amalume akutsatira pambuyo akupukuta thukuta. Anthu anayesa ndi mbali ya sewero, anayamba kuwomba m'manja.

Anakwera pa nsanja n'kuima pakati pa ine ndi Alick. Anati, "Mwana uyu sakwatiwa lero, sakwatiwanso mawa. Mayeso ake ali mu Julaye."

Koma Success, poti ndi loya wa mawa, sanafune kugonja pamaso pa oweruza. Anakoka mawu ngati nkhalamba n'kunena kuti, "Pepani akulu, mwachedwa. Ine bambo wake ndavomereza kale."

Ababa anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Bambo wake ndiwe? Unamubereka uli ndi zaka zingati?"

Holo yonse inagwa nako kuseka, ena mpaka kumenya mabenchi. Koma Ababa sanaseke. Anatembenukira kwa anthu n'kudikira mpaka phokoso litatsika, monga amachitira ku tchalitchi.

Anati, "Inu mukuseka. Ine ndinaonapo mtsikana wanzeru kuposa ine akuchotsedwa pa sukulu chifukwa cha fodya. Ndinali pomwepo m'tchalitchimo, funso lomweli linafunsidwa, ine ndinakhala chete. Papita zaka makumi awiri ndi zisanu, koma chikundiwawabe. Uyu yekha ayi. Fodya agulidwe kapena abwezedwe, uyu alemba mayeso."

Holo inangoti zii. Mmodzi mwa oweruza, mayi wa magalasi, anaika cholembera pansi. Ine misozi inayamba kutsika, yeniyeni, osati ya anyezi amene ndinabisa m'maluwa. Azakhali, mtsikana ameneyo ndi ndani? Ndawafunsa Ababa, akuti ndifunse inu.

Kenaka anatembenukira kwa Princess. "Nanga inu abusa, ndinu a mpingo uti wodalitsa maukwati a ana?"

Princess anatsegula pakamwa kuti ayankhe, ndevu zija n'kugwa. Ababa anayang'ana ndevu pansi. Anayang'ana Princess. Anayang'ana mtanda wathu wa katoni. Anagwira chophimba changa n'kuchipekesa ndi zala ngati akuyesa tsamba la fodya, n'kuona kuti ndi neti.

Ndinawanong'oneza kuti, "Ababa, ndi sewero."

Anasiya neti ija. Kenaka nawonso anandinong'oneza kuti, "Ndiye limatha bwanji?"

Ndinati, "Mundigwire dzanja, titsike."

Anavala chipewa, anandigwira dzanja, tinatsika pang'onopang'ono n'kudutsa pakati pa holo ngati tinayeserera mwezi wathunthu. Anthu anaimirira. Ena ankakuwa kuti, "Mdala ameneyo! Mdala ameneyo!"

Amalume okha ndiwo anali asanamvetsebe. Titatuluka tinawapeza atamupanikiza Alick ku khoma la laibulale. Akuti, "Iwe, tauza ine, cholinga chako pa mwana wathu n'chiyani?"

Alick anati, "Ine akuluakulu ndilibe cholinga chilichonse. Ndikangolemba mayeso ndikupita ku seminale. Ndikufuna unsembe."

Amalume anamusiya, n'kutembenukira kwa Ababa. "Alamu, ndiye kuti tasiya fodya pa mphasa kudzalimbana ndi Bambo Mfumu?"

Oweruza anakambirana nthawi yaitali, chifukwa lamulo limati osewera akhale ana a sukulu okhaokha. A Madamu atawafotokozera mmene zinakhalira, mayi uja anaseka mpaka kuvula magalasi. Atipatsa nambala 2, ndipo masukulu awiri oyamba akupita ku Lilongwe pa 8 Juni! Koma anenetsa kuti mdala uja asadzakwerenso pa nsanja.

Ine ndasintha mathero a sewero. Woletsa ukwati sakhalanso mphunzitsi, akhala bambo mwini wake. Mnzathu wa uphunzitsi uja wakwiya, koma ndamupatsa unkhoswe. Success akuloweza mawu a Ababa, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire sakutsutsa kanthu.

Diresi lija likufunikabe. A Madamu akufuna katani yawo, ndipo Princess udzudzu ukumumaliza.

Ine mwana wanu,
Enelesi

Santhe
26 Meyi 2024

Achemwali Angelina,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Kuno tili bwino, ndipo amake Enelesi ayambiranso kudya, mwina mopitirira.

Kalata yanu yondiletsa ndinaipeza kunyumba nditabwerako, ngati mboni yofika mlandu utagamulidwa kale. Mwati ndikuuzeni zonse, koma ndikudziwa kuti mwana wakulemberani, ndipo iyeyo amalemba bwino kuposa ine. Sekani, simuli nokha. A Sankhani sasunga nkhani, moti Santhe yense akudziwa. Lero ku tchalitchi abusa polengeza ukwati wa ana ena, atafika pa mawu akuti ngati alipo woletsa, anaima n'kuyang'ana ine pamwamba pa magalasi. Mpingo wonse unaseka mpaka a kwaya anachita kuyambitsa nyimbo.

Lachitatu ndinabwereranso kusukulu kuja. Anandiitana ndi a Madamu Sunganani, mayi waulemu kwambiri amene ndinamuganizira zoipa popanda chifukwa. Ndinapita ndi fodya uja anapempha. Achemwali, mukanaona mmene ana aja amamangira ndindi m'sewero lawo, ngati akuluka tsitsi. Ndinawakhazika pansi ola lathunthu. Ana a ku Kasungu sangapite ku Lilongwe kukatichititsa manyazi pa nkhani ya fodya. Jekete ndamusiyira Alick. Ndi mwana wabwino, ngakhale ndi wa mpingo wina.

Titamaliza ndinakhala ndi Enelesi pa benchi kunja kwa ofesi. Ndinamufunsa kuti akamaliza sukulu akufuna chiyani, ndipo ndinazindikira kuti chibadwire chake sindinamufunsepo funso limeneli, ndimangomuuza. Akuti akufuna kulemba masewero a pa wailesi. Ndinamufunsa ngati ntchito imeneyo imadyetsa munthu. Anati sakudziwa. Yankho limenelo ndinalikonda, chifukwa nafenso fodya sitidziwa kuti adzagulidwa bwanji, koma chaka chilichonse timafesa.

Tagwirizana chonchi. Akabwerako ku Lilongwe, zisudzo zitsekedwe mpaka mayeso athe. Akakhoza, pa fomu ya ku yunivesite adzayambe kulemba zofuna iye, kenaka unamwino wanu, ulangizi wanga kumapeto. Musakwiye. Ine ndinaona anthu odzaza holo akuseka ndi kukhala chete pa zinthu zimene mwana wanga anakonza m'mutu mwake. Kumene anazitenga sindikudziwa. Amake akuti Loweruka lija zinaoneka kumene anazitenga.

Tsopano za kalata yanu yoyamba ija. Ndaiwerenga kambirimbiri, ndipo mawu okwanira ndilibe. Mwati munandikhululukira, koma ine sindinapepesepo. Ndinalakwa, Achemwali. Pepani. Mwana wandifunsa kuti mtsikana ndinkanena uja ndi ndani, ndamuuza kuti nkhani ili ndi mwini wake. Mukafuna mumuuze, mukapanda kufuna musiye.

Pa 8 Juni ndikubwera. A Madamu akuti m'basi ya sukulu muli malo anga, koma andilonjezetsa pamaso pa ahedi kuti ndidzakhala pansi mpaka sewero lithe. Ndalonjeza, koma kunena zoona sindikudzikhulupirira. Ndiye tsiku limenelo mudzatseke shopu, mudzabwere mudzakhale pambali panga. Kamtsikana ka ndevu kaja kakadzangofunsa funso lake, mudzandigwire malaya zolimba.

Ine mlongo wanu,
Esau Samsoni